Imfa ya Gombeza

Gombeza anafa Lachisanu, ndipo pofika Loweruka m'mawa panalibe munthu pa pulazi amene sankadziwa womupha, ngakhale ana a kukomboni. Konsitebulo Ruksana Amidu nayenso ankamudziwa. Ndi iye amene dzulo lake madzulo anamanga unyolo mlonda Nevermind pamaso pa mkazi wake, n'kumukweza galimoto ya polisi. Ntchitoyo inayenda mwachangu moti Sajeni Mhembere anamuyamikira, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

Tsopano Ruksana anali ataima kuseri kwa ofesi ya pulazi, pansi pa mtengo wa mapeyala, akuyang'ana mtembowo. Anali ataufunditsa saka la feteleza, koma sakalo linathera m'nthiti. Gombeza anali galu wa mtundu wa chibunu, wamkulu ngati thole, mutu wake ngati ndowa. Mwini pulazi, amene ankakhala ku Harare n'kumangobwera nthawi yogulitsa fodya, akaimba foni ankafunsa za galuyo asanafunse za mvula.

"Shefu ku Harare sanadye kuyambira dzulo," anatero Laxon, manijala wa pulaziyo, akupukuta thukuta la mu Okutobala ndi chipewa. "Ine nkhani ndilibe, Konsitebulo. Sabata yatha galu analuma mwana wa Nevermind pamwendo. Nevermind anati, 'galu uyu ndidzamupha ndine.' Anthu anamva. Lero galu wafa. Mukufunanso chiyani, chithunzi? Amayamba kuthira agalu poizoni, kenako amabwera kudzanyamula mapaipi ndi feteleza. Wotsegula geti amakhala mlonda. Si zachilendo zimenezi."

"Dzulo galuyu anali kuti?"

"Ku Mvurwi, kokabayitsa katemera wa chiwewe. Anapita naye a Jafali pa pikapu, n'kubwera naye ali bwinobwino. Si amalume anu amenewo? Simunawafunse?"

Anali atawafunsa. A Jafali, dalaivala wa pulaziyo, anali mlongo wa malemu mayi ake, ndipo ndi iwo anamulera mu komboni yomweyi. Dzulo ananena kuti galuyo anakhala kutsogolo, pampando wa pambali pawo, monga a manijala analamulira. Anati anamubayitsa, anabwera naye masana anthu ali kumunda, n'kumutsekera okha m'khola mwake. Nevermind atabwera kudzayamba ntchito dzuwa litapendeka, anamupeza wafa, n'kuthamangira yekha kukanena. Ruksana analemba zonsezo osakweza mutu. Munthu amene anakuphunzitsa kumanga nsapato sumufunsa funso kawiri.

Anagwada n'kuchotsa saka. Pakamwa pa galuyo panalibe thovu. Mbale yake inali pakona pa khola, ndipo nkhuku za kukomboni zinali kujompha zotsala mosangalala. Ruksana anaziyang'ana kwa nthawi, kudikira kuti zigwe. Sizinagwe.

Anatukula mwendo wakutsogolo. Zikhadabo zinali zothyoka, china chitazukiratu, ndipo m'mizu mwake munali magazi ouma. Anapisa zala m'makwinya a khungu la pakhosi. Pansi pa ubweya panali mzere wotupa, wokwera mpaka kuseri kwa makutu.

"Poizoni amachita zimenezo," anatero Laxon. "Amazunzika, amakanda pansi."

Pansi pa kholalo panali dothi losesa bwino. Panalibe pamene panakandidwa.

Ataimirira, Ruksana anaona bokosi lalikulu la mawaya pafupi ndi khitchini ya nyumba ya manijala. Linali ndi denga, ndipo m'mbali munali zokolowekera malamba. M'katimo munadzaza anapiye oyera.

"Lija si khola lonyamulira galu pa galimoto?"

"Amayi a kunyumba analibwereka pang'ono. Mphaka wavuta." Laxon anayang'ana foni yake ngakhale kuti sinalire. "N'chifukwa chake ndinati akhale naye kutsogolo. Mulimonsemo, mkazi wa Nevermind ndamuuza kale. Lolemba nyumba ya pulazi ikhale yopanda munthu."

"Apite kuti?"

"Kwawo."

"Nevermind anabadwira mu layini ya kumunsi, a Laxon. Tinkapitira limodzi ku sukulu."

"Ku Tete kwa makolo ake malo anatha?"

* * *

Francisca, mkazi wa Nevermind, anali kutsuka mbale zimene zinali zoyera kale. Sanapereke mpando.

"Mwabwera kudzamanganso ndani? Kwatsala ine ndi mwana wa mwendo umodzi."

"Ndabwera kudzafunsa, mayi a Plaxedes."

"Dzulo bwanji simunafunse?"

Ruksana anatsegula kabuku kake.

"Galu ameneyo ankadya bwino kuposa ife," anapitiriza Francisca. "Baba a Plaxedes ankamuchotsa nkhupakupa ndi manja, akumuyankhula ngati munthu. Ine ndinkati, basi mukwatire yemweyo, mwina iye akuphikirani."

"Koma ananena kuti adzamupha."

Manja a Francisca anaima m'madzi.

"Ananena muno. M'nyumba muno, mwana akutuluka magazi. Bambo anene chiyani pamenepo, zikomo? Mawa lake anali kale kukhola, akumufunsa kuti wachitiranji zamanyazi."

"M'nyumba munali ndani?"

"Ine ndekha."

"Nanga a manijala anamva bwanji?"

Francisca anatulutsa mbale, n'kuibwezanso m'madzi.

"Kumjigo. Ndinawauza anzanga kuti tisekeko. Wantchito wa kwa manijala analipo." Anapukuta manja pa chitenje. "Pakamwa panga apa ndi pamene panamumanga. Inu munangobweretsa unyolo."

"Lachisanu masana amuna anu anali kuti?"

"Akugona, monga mlonda aliyense. Anangodzuka m'mawa pamene a Jafali anadzagogoda kuti akawakwezere galu pa galimoto. Iwo sagwira galu, inu mukudziwa. Makamaka Lachisanu, atavala zoyera zawo za ku mzikiti."

Ruksana ankadziwa. Dzulo anangoiwala kuti akudziwa.

* * *

Polisi yawo inali kanyumba ka malata pamphambano ya misewu ya m'mapulazi. Sajeni Mhembere anali pakhonde akutafuna maputi, chimanga chokazinga, nsapato atavula.

"Nhai Amidu, nyaya ya imbwa, nkhani ya galu ija, sinathe? Lolemba ku khoti. Kapena galu wadzuka?"

"Pali funso limodzi, Sajeni."

"Mafunso ndi amene amakalambitsa atsikana," anatero, koma anamuponyera makiyi.

M'chitokosi Nevermind anali atakhala pansi, mawondo ali pachibwano. Thalauza analigwira ndi dzanja chifukwa lamba anali atamulanda.

"Sisi Ruki. Gombeza amukwirira?"

"Ayi, sanamukwirire."

"Muwauze akumbe mozama. Afisi abwerera masiku ano."

Ruksana anatsamira khoma. "Pa pikapu unamukweza ndiwe?"

"Ndine. Ankamvera ine ndekha."

"Pampando wakutsogolo anakwana bwanji, galu wamkulu chotere?"

Nevermind anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, ndipo sikunayenere chipindacho.

"Gombeza kutsogolo? Ndi a Jafali, atavala mkanjo wa ku Juma, swala ya Lachisanu? Sisi, dovu la galu uja linkafika pansi. Madala anati, mwanawe, mumange kumbuyo, koma a manijala asadziwe. Ndinamumanga ku chitsulo cha kuseri kwa kabini ndi chingwe cha mabelo a fodya."

"Bwanji sunanene dzulo?"

"Simunandifunse." Anatero popanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka. "Komanso madala anati a manijala asadziwe. Nanga zikugwirizana bwanji ndi poizoni?"

"Ukudziwa kuti Francisca amuuza atuluke m'nyumba Lolemba?"

Nevermind sankadziwa. Ruksana anaona nkhaniyo ikulowa mwa iye pang'onopang'ono, ngati madzi m'dothi louma.

"Amayi anga ali pamanda a pulazi pomwepo," anatero. "Ndi abambo. Ku Tete ine sindidziwa ngakhale basi yake imakwereredwa kuti."

Atatuluka panja, Ruksana anaimba foni ku ofesi ya dokotala wa ziweto ku Mvurwi. Anayankha mtsikana wotchedwa Filesi, amene ankalankhula ngati wina akumuthamangitsa.

"Madala a mkanjo woyera? Ee, anabwera, chakumasana. Adokotala anali atapita ku dibi ya ng'ombe, ndiye ndinati mubwerenso anthu akatha kudya. Iwo anati chabwino, akaswali kaye."

"Anabweranso?"

"Ayi. Ndinadikira ndi jakisoni wanga mpaka kutseka."

"Galuyo munamuona?"

"Pawindo. Chimphona. Anali kumbuyo kwa pikapu, lilime lili panja, akusinthasintha miyendo ngati wina wovina. Chitsulo chija dzulo chimatentha, mukudziwa. Ndinati ndimutengere madzi m'beseni, koma foni inalira, ndiye…" Mawu anachepa liwiro. "Wadwala kodi?"

* * *

Pikapu inali mu shedi, pakati pa thirakitala ndi migolo ya mafuta. Ruksana anayamba kutsogolo. Pampando wa pambali pa dalaivala panali mkeka woswalirapo wa amalume ake, wopindidwa bwino monga mwa nthawi zonse. Anayendetsa dzanja pampandopo. Panali fumbi la masiku ambiri, koma ubweya wa galu panalibe ngakhale umodzi.

Kumbuyo kunali kotsuka. Koma amene anatsukayo sanagwiritse ntchito sopo. M'mizere ya chitsulo munatsalira kadothi kofiira kouma, ndipo mbali ya kumanzere, kunja kwake, munali mikwingwirima ya matope amene anawapaka n'kuwatsukuluza. Sajeni Mhembere akanati kumeneko ndi kutsuka kwa munthu waulesi.

Ruksana anagwada. Pamwamba pa tayala lakumbuyo penti inali itakandika mizere yakuya, yambirimbiri, yotsika ndi yopingasa, mpaka chitsulo kuoneka. Mizereyo inali kunja kwa galimoto.

Anakhala chigwadire kwa nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna.

* * *

Nyumba ya amalume ake inali yomaliza mu layini ya kumtunda, yokhala ndi mpanda wa maluwa obzala m'zitini. Pachingwe panayanikidwa mkanjo wa Lachisanu. Mkazi wawo, Mayi Khadija, ankadziwika komboni yonse kuti zoyera zawo zimathobwa m'maso, ndipo akazi ena ankawanena kuti amachapa ngakhale sopo yemwe. Lero mkanjowo unali wofiirira kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, manja onse awiri, ndi paphewa lamanja.

"Salaam aleikum, amayi."

"Waleikum salaam. Wabwera ngati mwana kapena ngati boma?" Mayi Khadija anali kusankha mpunga m'lichero, maso ali pampungapo.

"Ndabwera ndi ludzu."

"Mtsuko ukuudziwa."

Ruksana anamwa, n'kuima pafupi ndi chingwe. Lamuloli analiphunzira pakhomo pomwepa, ali wamng'ono, tsiku limene kagalu ka oyandikana nawo kananyambita mbale. Chimene dovu la galu lakhudza chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo umodzi mwa maulendowo umatsuka ndi dothi. Apo ayi sichiyera, ngakhale uchape ndi sopo wa dziko lonse, ndipo sungaswali nacho.

"Mkanjowu mwautsuka ndi dothi."

"Ananyamula galu pa galimoto. Ukudabwa chiyani?"

"Akanakhala naye pampando, mukanatsuka mkono umodzi. Ndipo iwo akanatsuka mpando, ndi mkeka. Atsuka kumbuyo." Ruksana anagwira nsaluyo pachifuwa. Inali isanaume. "Galu wamoyo amayenda yekha, amayi. Sakumbatiridwa."

Lichero linaima.

"Anakutumiza ku sukulu kuti uzidzawerenga zovala za pachingwe?"

"Nevermind ali m'chitokosi. Ndinamuikamo ndine."

"Ndiye ukamutulutse, unene kuti galu anafa yekha. Agalu safa okha?" Mayi Khadija anaika lichero pansi. "Usiku wonse amalume ako sanagone. Chakudya sanakhudze. M'mawa Francisca wadutsa apa ndi ndowa, ine ndalowa m'nyumba ngati mbava, pakhomo panga pomwe. Ukuganiza kuti sitikumva? Koma tauza ine, Ruksana. Akatichotsa pano, tipita kuti? Ku Mangochi? Amalume ako Mangochi amangoimva m'nkhani za agogo ako. Nevermind ndi mnyamata, manja ali nawo, pulazi ina imulemba. Nkhalamba ya maso ofooka ndani angaipatse galimoto?"

"Amalume ali kuti?"

"Unabwera pano ndi kathumba kamodzi, uli ndi zipere m'mutu."

"Ndikukumbuka, amayi. Ali kuti?"

Mayi Khadija anatolanso lichero. Anasankha kamwala, n'kukaponya kutali.

"Ku mabalani."

* * *

Nyengo ino mabalani ochizira fodya amakhala opanda kanthu, ndipo ndi malo okhawo ozizira pa pulazi. A Jafali anali atakhala pa njerwa pakhomo la balani yomaliza, kofia ili pabondo. Ataona yunifomu anayamba kuimirira.

"Khalani, amalume."

"Wapita ku shedi," anatero. Silinali funso. "Ndinakuona ukulowa. Ndinati, mwana uyu ndinamuphunzitsa ndekha kuyang'ana galimoto pansi ndi pamwamba asanakwere."

Ruksana anakhala pa njerwa ina. Cholembera sanachitulutse.

"Mthunzi unalipo," anatero a Jafali. "Chimenecho ndikufuna uchidziwe. Sindinamusiye padzuwa. Ndinaimika kuseri kwa chigayo chotseka chija, kutali ndi mzikiti kuti asauwe anthu akuswali. Panali mtengo, mthunzi unaphimba galimoto yonse. Ndinati swala ya Juma sichedwa."

"Ndiye?"

"Kunali maliro. Titatha swala, Shehe anati tiswalire m'bale wathu amene watisiya. Munthu sungatuluke pamenepo. Kenako anati tinyamule jeneza, chonyamulira maliro, mpaka pamsewu. Ndinanyamula. Galu ndinamukumbukira, Ruksana, sindikunama. Ndinamukumbukira jeneza lili paphewa. Ndinati m'mtima, ali pamthunzi."

Anazunguza kofia pabondo.

"Dzuwa linali litayenda. Mthunzi unatsika pa galimoto, unali pansi, chapambali, apo pokha. Chitsulo chinkaotcha ngati chiwaya. Iye anauona mthunziwo, analumpha. Chingwe chinamulola kudutsa m'mbali, koma sichinamulole kufika pansi. Miyendo yakumbuyo inatsala pang'ono, chonchi." Anaonetsa ndi chikhatho chimodzi. "Ndinamupeza akali wofunda."

Kutali, thirakitala inadutsa ikukoka ngolo ya madzi.

"Moyo wanga wonse sindinagwirepo galu. Dzulo ndinamukumbatira ngati mwana. Ndinamukweza ndekha, kuno ndinamutsitsa ndekha. Ndinati anena kuti wafa ndi katemera, kapena ndi kutentha, nkhani ithera pomwepo. Za poizoni sindinaziganize. Anayambitsa ndi a Laxon."

"Munalipo pamene ndinkamanga Nevermind unyolo."

"Ndinalipo. Ndinali kumbuyo kwako." Anayang'ana manja awo. "Ndinatsegula pakamwa. Ndinaona nyumba yanga, ndi maluwa a mayi ako aja. Ndinatsekanso. Ndatsuka galimoto, ndatsuka manja, mayi ako atsuka mkanjo. Lero m'bandakucha ndaima kuti ndiswali, mawu akukana kutuluka. Dothi limachotsa za galu zokha."

Ruksana anatulutsa cholembera.

"Ndilemba zonse, amalume. Ndi za khola la anapiye zomwe."

"Lemba. Koma pa chingwe ulembe kuti ndinamanga ndine."

"Nevermind wanena kale kuti anamanga ndi iye."

"Ndiye ulembe kuti panjira ndinaima, ndinachimasula, n'kuchimanganso ndekha."

"Munatero?"

A Jafali anavala kofia yawo, n'kuikonza bwino ndi manja awiri.

"Mnyamata uja wagona kale m'chitokosi chifukwa cha ine. Zimenezo zamukwanira. Ndanena kuti ndinatero. Iwe ntchito yako ndi kulemba zimene munthu wanena."

* * *

Laxon anamvetsera ataimirira, ndipo nkhani itafika pa maliro anali atatambasula kale dzanja. A Jafali anaikamo makiyi a pikapu.

"Ndinalamula momveka. Kutsogolo! Ndinanena kapena sindinanene? Zaka zonsezi, madala, n'kudzandinamiza ngati mwana? Wotuluka m'nyumba ndinu tsopano. Lolemba lomwelo."

"Mwini pulazi adzafuna kuona zimene talemba," anatero Ruksana. "Zonse zilimo. Kuti galu wolemera ngati thumba la feteleza anatumizidwa kukhala pampando, wosamangidwa, pafupi ndi chiwongolero. Kuti anatumizidwa ndi munthu amene aliyense pano amadziwa kuti sagwira galu, pa tsiku la Juma. Ndi kuti khola limene shefu anagulira ulendo wotere muli anapiye."

"Anapiye akugwirizana bwanji ndi mlandu?"

"Mwina sakugwirizana. Adzaona okha."

Laxon anakhala pansi. Anayang'ana makiyi, anayang'ana pawindo kumene anapiye ankalira.

"Mkazi wa Nevermind akhale," anatero potsiriza. "Wina akamuuze. Za madalawa sindingalonjeze. Galimoto sadzaigwiranso, chimenecho n'chachidziwikire. Za nyumba ndiyankhula ndi shefu." Anapukuta nkhope. "Ndiyankhula nawo bwinobwino."

Panja a Jafali anayenda kulowera ku layini ya kumunsi, osati ya kumtunda.

"Mukupita kuti, amalume?"

"Akuti wina akamuuze Francisca."

"Akutukwanani."

"Ayenera."

* * *

Sajeni Mhembere anawerenga mapepala aja akugwedeza mutu.

"Sekuru vako chaivo? Amalume ako enieni?" Anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. "Zvakaoma, n'zovuta. Uwu ndi mlandu wozunza chiweto, ndi wonamiza apolisi. Ndiutenga ine, iwe usaugwirenso. Pita ukamutsegulire munthu wako."

Nevermind anamva nkhani yonse akulowetsa lamba m'thalauza. Ruksana anaifotokoza mwachidule, akuyang'ana pa kauntala. Anamuuza za nyumba poyamba, kenako za mthunzi, kenako za kulumpha. Pomaliza ananena mawu amene anawakonza njira yonse, ndipo atatuluka anamveka aang'ono.

"Ndinakulakwira, Never. Pepa."

"Munali pa ntchito, sisi."

Anatenga nsapato zake, n'kukhala pa benchi. Anavala imodzi. Inayo anangoigwira.

"Kunkatentha m'mawa uja," anatero. "Poyamba ndinamumanga pafupi, monga timachitira, khosi kuchitsulo. Koma anandiyang'ana. Ndinati ulendo ndi wautali, msewu ndi wa mabampu, alephera kugona pansi. Ndiye ndinamuwonjezera chingwe. Pang'ono pokha, mkono umodzi." Anakweza maso. "Ndi chimenecho, eti?"

Pepala la a Jafali linali pa kauntala, pansi pa chigongono cha Ruksana, inki itauma.

"A Jafali akuti anaima panjira. Akuti anachimasula n'kuchimanganso okha."

"Madala aja? Kufika pakhosi pa Gombeza ndi manja awo?"

"Ndi zimene anena."

"Akuti."

"Akuti," anatero Ruksana.

Nevermind anamuyang'ana. Kenako anawerama n'kuvala nsapato inayo, ndipo zingwe zake zinamutengera nthawi kuti amange.